Ndinkatsika Masitepe pa Msana wa Amake Tisa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, dzina langa ndine Lackson Zulu. Ambiri mumangondidziwa kuti ndine bambo uja wa pa njinga ya olumala, amene amakhala kumapeto kwa benchi yachiwiri. Abusa andipempha kuti ndifotokoze mmene ndinafikira pano. Ndifotokoza monga zinachitikira, osathira mchere.

Kwathu ndi ku Katete, koma ndinakulira konkuno ku Kabwata. Atate anga anandisiyira fulati ya pamwamba penipeni. Kuchokera pansi kukafika pakhomo panga panali masitepe makumi atatu ndi anayi. Kale sindinkawawerenga. Ndinkangodumpha awiriawiri, botolo lili m'khwapa.

Ndinkagwira ntchito pa kampani ina ya mathiraki ku Heavy Industrial Area. Ndinayamba ndi kusenza matumba, kenako anandikweza kukhala kapitawo wa opakira katundu. Ukapitawo umenewo unandiledzeretsa kuposa mowa, ndipo mowawo ndinkaumwa ndithu. Ndinkayamba pa nthawi ya chakudya cha masana, n'kudzamalizira madzulo pa khonde langa, pa mpando wa atate anga, ndikuyang'ana anthu pamitu.

Anzathu okhala m'mafulati a pansi ndinkawatchula kuti "a pansi". Ndinkawaseka kuti amapuma fumbi la nsapato zathu. Akazi anga a Esnart, amake Tisa, akavala yunifomu yawo kupita ku msonkhano wa azimayi a mpingo, ndinkawafuulira ndili pa khonde kuti akandiperekereko moni kwa Mulungu wawo. Iwo sankayankha. Ndi munthu wosachulutsa mawu, ndipo ine ndinkayesa kuti ndi mantha.

Tsoka silinunkha. Tsiku lina masana, amuna amene ndinkawayang'anira ankamanga tenti pa thiraki yodzaza ndi feteleza. Ndinawanyoza kuti akumanga ngati mtolo wa lepu wa pamsika. Ndinakwera ndekha kuti ndiwaonetse, ndili chiledzerere. Ndinakoka chingwe ndi mphamvu zanga zonse, mfundo inamasuka, ndipo ndinagwa chagada pa simenti.

Anzangawo anandithandiza ndi mtima wabwino koma mosadziwa. Wina anagwira manja, wina miyendo, n'kundipinda pa mpando wa kumbuyo wa takisi. Ku chipatala dokotala anandiuza kuti fupa la msana lathyoka, ndipo mtsempha waukulu umene umadutsa m'kati mwake wavulala. Anati munthu wogwa chotero sanyamulidwa ngati mbuzi. Amagonekedwa pa thabwa, thupi lili chiwongokere. Sananene kuti anzanga ndiwo anandilumalitsa, poti zimenezo palibe angadziwe. Koma mawu a thabwa aja ndinawasunga.

Kuyambira tsiku limenelo, kuchokera pamchombo kupita m'munsi sindimva kanthu.

Nditatuluka m'chipatala, amuna anayi anandikweza masitepe aja atandinyamula. Awiri mwa iwo anali a pansi omwewo. Mmodzi anali a Sakala, amakanika, amene ndinawatayirapo mowa pamutu ndili pa khonde. Sananditukwane, sanandikumbutse. Ankangoti, "Pang'ono pang'ono, ba Zulu." Kukoma mtima kwawo kunandipweteka kuposa msana. Ndinalumbira kuti mwamuna mnzanga sadzandinyamulanso.

Sabata yomweyo kunabwera bana Chanda, mayi wamasiye wa Chibemba amene ankakhala m'fulati ya pansi penipeni. Amagulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, mumsika, ndipo amapemphera limodzi ndi amake Tisa. Anakhala pa mpando, n'kulankhula ngati akupempha chithandizo ndi iwowo.

"Ba Zulu, tichinjane chabe manyumba. Imwe mubwele pansi, ine niyende pamwamba. Nalema nabo bakawalala, bananibela na mabedishiti pa waya."

Ndinadziwa kuti nkhani ya akuba inali yongondisungira ulemu. Ndinawayankha mouma. "Bana Chanda, ine sinizankala pa njinga iyi. Nizayamba kuyenda manje manje."

Sindinkalankhula zamisala ayi. Ndinali ndi chifukwa changa, ndipo chinali m'foni.

Mwana wathu Tisa, amene anakwatiwa ku Kitwe, anandisiyira foni yaikulu kuti ndizichotsa nayo mphwayi. M'menemo ndinapeza mavidiyo a anthu a kunja amene anavulala ngati ine. Madokotala ankawaika kachipangizo m'thupi, kokhala ndi timawaya togona pamwamba pa mtsempha wovulala uja. Kachipangizoko kakatumiza timagetsi, miyendo inkadzuka. Ndinaona mwamuna wina akuimirira, atagwira chitsulo, akazi ake akulira pambali. Kwina ankayesa kubaya maselo atsopano kuti mtsempha uphukenso. Kwinanso ankaika chipangizo m'mutu choti chiziwerenga zimene munthu akufuna, n'kuuza miyendo.

Ndinkaonera mpaka mabandulo kutha. Foni ija inasanduka tchalitchi changa, ndipo sindinkajomba.

Tisa anandithandiza kulemba makalata ku malo angapo, kupempha kuti andiyeserepo. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba, ndinkavundukula bulangeti n'kuyang'anitsitsa chala chachikulu cha kuphazi, n'kuchilamula ndi mawu a ukapitawo kuti chigwedezeke. Yachiwiri, ndinkatsegula foni kuona ngati ayankha. Chala chinali duu, foni nayo duu.

Kunabweranso bambo wina wa jekete ndi mabotolo a mapiritsi. Anati m'mapiritsimo muli maselo omwe aja a kunja. Ndinamwa mabotolo atatu. Miyendo sinamve kanthu, koma ndinatsegula m'mimba sabata yathunthu, ndipo wochapa anali amake Tisa.

Mowa sindinasiye. Anzanga akale ankandibweretsera timabotolo m'thumba la jekete, ndipo ndinkabisa kuseri kwa pilo.

Tsopano ndinene chimene ndimachita nacho manyazi.

Lachiwiri lililonse ndinkayenera kupita ku chipatala kwa a fizio, amene amawongola ziwalo kuti zisaume. Popeza ndinakana kunyamulidwa ndi amuna, ndinapangana ndi amake Tisa kuti tizidikira mpaka abambo onse apite ku ntchito. Iwo ankayamba kutsitsa njinga. Akabwerera, ankagwada chofulatira m'mphepete mwa bedi, ine n'kuwakolowekera manja m'khosi. Kenako ankandimanga ndi zitenje ziwiri, chimodzi m'chiuno, china m'mapewa. Ankandibereka monga anaberekera Tisa.

Ndipo tinkatsika. Dzanja limodzi pa chitsulo cha m'mbali, lina likugwira mwendo wanga kuti usakokeke pansi. Apa m'pamene ndinawerenga masitepe aja koyamba. Ndinkawawerenga khutu langa lili pa khosi pawo, ndikumva mmene akupumira. Pobwera masana tinkawakweranso onse.

Ndine wochepa thupi, koma munthu wamkulu si thumba la makala loti ukatopa n'kuponya pansi. Anachita zimenezi pafupifupi zaka ziwiri.

A fizio anga anali mayi Mwanza, munthu wosazungulira polankhula. Tsiku lina ndinawaonetsa vidiyo ija monyadira. Ndinkayembekeza kuti anditsutsa kuti tikangane. Iwo anaonera mpaka kumapeto, n'kundibwezera foni.

"Ba Zulu, ivi vintu ni vazoona, si boza," anatero. "Koma bakali kuyesa chabe, pa bantu bang'ono. Na uja wamene aimilila, anavutika myezi yambili, ndipo akali kugwilila."

Anandiuza kuti ngakhale atandiitana mawa, akayamba ndi kuona khungu langa ndi mfundo za miyendo. Munthu wa zilonda za pogona ndi mawondo ouma samutenga. Ine masewera olimbitsa thupi amene ankandipatsa sindinkachita kunyumba. Ndinkati n'kuvutikiranji, makina akubwera. Mayi Mwanza anandikumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Kenako anayang'ana amake Tisa, amene anaimirira pakhomo atagwira m'chiuno. Anandifunsa kuti kodi ku fulati ya pamwamba ndimatsika bwanji. Ndinawayankha kuti imeneyo ndi nkhani ya m'banja.

Yankho la kalata linabwera limodzi lokha. Linali laulemu. Anati akumva chisoni ndi zimene zinandichitikira, koma amatenga anthu okhala pafupi ndi chipatala chawo, amene angabwere kwa miyezi yambiri, ndipo malo anadzaza kale. Ndinaliwerenga kanayi. Kenako ndinatseka foni n'kuuza amake Tisa kuti ayankha bwino, akuti tidikire pang'ono.

Ndinanama chifukwa ndikananena zoona, sindikanakhalanso ndi chokanira bana Chanda. Kutsika pansi kunali kuvomera kuti njinga ija ndi yanga. Ndinasankha kuti bodza langa liziyenda pa msana wa munthu wina.

Zizindikiro ndinkaziona. Amake Tisa anayamba kudzuka pa mpando mogwirira tebulo. Nyumba inkanunkha mankhwala opaka. Ku msonkhano wa azimayi anasiya kupita chifukwa benchi inkawapweteka. Anandidandaulira kamodzi kokha, akundivala masokosi.

"Atate ake Tisa, musana wanibaba maningi. Bana Chanda bakali kufunsa."

"Ufuna nikankale pansi kuti bantu bazinitamba monga filimu?" ndinatero. "Nakuuza kuti tiyembekeze."

Anamaliza kundivala masokosi, n'kukatenga zitenje. Kuchokera tsiku la kalata ija, anandibereka miyezi ina isanu.

Lachiwiri lina la m'dzinja mvula inagwa ndi mphepo, madzi n'kulowa m'masitepe. Cha m'ma naini koloko tinayamba kutsika monga mwa masiku onse. Tili pakati, pamalo pokhotera, mfundo ya chitenje cha m'chiuno inamasuka. Ndinayamba kutsetsereka. Amake Tisa anasiya chitsulo n'kutembenuka kuti andigwire. Anandikhazika pansi bwinobwino, sindinakhudzidwe n'komwe. Koma phazi lawo linaponda madzi. Anagwa chagada, masitepe anayi, msana n'kumenya m'mphepete mwa simenti.

Sanalire. Anangogona pomwepo, maso ali kumwamba.

Anthu anathamanga. A Sakala tsiku limenelo sanapite ku galaja chifukwa cha mvula. Anafika ndi mnzawo wina, bana Chanda ali pambuyo. Ndinaona a Sakala akugwira manja, mnzawoyo akugwira miyendo. Ndinaona takisi ija m'maso mwanga.

"Musabanyamule!" ndinakuwa. "Basiyeni chabe apo. Letani chiseko."

Bana Chanda anamva msanga. Anatuma amunawo kuti akazule chitseko cha bafa lawo. Ine ndinadzikoka ndi zigongono, sitepe imodziimodzi, mpaka ndinafika pamene panali mapazi a amake Tisa. Patapata imodzi inali itavuka.

Zonse zimene ndinawerenga m'foni zaka ziwiri zinabwera nthawi imodzi. Ndinkadziwa dzina la fupa lililonse. Ndinkadziwa chimene chimatsatira: paipi ya mkodzo, zilonda, kutembenuzidwa pa bedi. Ndinkadziwanso kuti kulibe makina alionse amene akubwera ku Kabwata, kaya a ine kaya a iwo.

"Amake Tisa, mumvela mendo?"

"Sinimvela bwino," anayankha motsitsa.

"Yesani kuyendesa chala."

Ndinayang'ana chalacho monga ndinkayang'anira changa m'mawa uliwonse. Chinali duu.

Abale, ine sindinkadziwa kupemphera. Koma pa masitepe onyowa aja ndinalankhula ndi Mulungu amene ndinkamutumizira moni wachipongwe. Sindinatchule miyendo yanga. Ndinati, Ambuye, ine ndinagwa ndi mowa wanga, zanga n'zanga. Awa agwa ndi bodza langa. Ngati pali miyendo iwiri yokha yoti iyende m'nyumba mwathu, ikhale yawo. Ndikhululukireni. Ndinalira pamaso pa anthu onse, mamina ali chuchuchu, ndipo sindinasamale kuti akuona ndani.

Sindidziwa kuti panapita mphindi zingati. Ndinawapemphanso amake Tisa kuti ayese. Anakukuta mano. Chala chachikulu chinapindika pang'ono, n'kuwongoka. Kenako zinzake zinatsatira.

Zaka ziwiri ndinadikira kuona chala chikugwedezeka. Tsiku limenelo ndinachiona, ndipo sichinali changa. Sindinakondwepo chotero m'moyo wanga wonse.

Chitseko chinafika. Ndinawauza mmene angawasunthire, anthu anayi, mutu ndi thupi zikuyendera limodzi. Anawagoneka kumbuyo kwa galimoto ya bokosi ya mnansi wina, bana Chanda n'kukwera nawo. Ine ndinatsala pa masitepe, thalauza litanyowa, zitenje zili pambali.

A Sakala anabwerera ndi mnzawo uja. Anaima, akupukuta manja. Ankandidziwa kuti ndine munthu wovuta, choncho anafunsa mosamala.

"Ba Zulu, tikupelekeni pamwamba?"

Ndinayang'ana kumwamba, kumene kunali khonde langa ndi mpando wa atate anga. Ndinayang'ana kumunsi, kumene njinga yanga inkandidikira pamvula.

"Iyai, ba Sakala. Nipelekeni pansi."

Anandinyamula amuna awiri, masana, anthu onse akuona. Anandikhazika m'nyumba ya bana Chanda, imene inali ndi bafa lopanda chitseko. Kuyambira tsiku limenelo sindinakwerenso masitepe aja. Katundu wathu anatsitsa ndi abambo a mpingo uno Loweruka lotsatira, n'kukweza wa bana Chanda. Mabotolo anga anawapeza kuseri kwa pilo, ndipo ndinawapempha kuti akatayire m'ngalande.

Madokotala anapeza kuti mtsempha wa amake Tisa sunavulale. Koma msana wawo unali utaperepeseka kale ndi kunyamula, ndipo kugwa kuja kunangowonjezera. Anagona masabata angapo. Mpaka lero saloledwa kunyamula ngakhale ndowa yodzaza. Kukazizira amayenda mowerama. Chimenecho ndi chipsera cha kunyada kwanga, ndipo ndimachiona tsiku lililonse.

Atabwera kunyumba ndinawaululira za kalata ija. Ndinawauza kuti anandikana kalekale, ndipo ndinawanamiza.

"Nenze niziba," anatero. "Tisa ananiuza tsiku lamene lija."

Ndinali nditaiwala kuti makalata onse ankadutsanso kwa Tisa. Ndinawafunsa kuti nanga anapitiriziranji kundibereka, akudziwa.

"Sembe ninakusiyani pamwamba muole? Nenze kupempela kuti mukambe mweka."

Pamenepo ndinazindikira kuti kukhala chete kwawo zaka zonse zija sikunali mantha.

Abusa anayamba kubwera kunyumba kudzandiphunzitsa. Chaka chatha ndinabatizidwa muno, ndili pa njinga yomweyi. Mowa ndinasiya. Sikuti chilakolako chinatha tsiku limodzi ayi, koma chikabwera ndimaitana a Sakala, timakhala pakhomo n'kumacheza mpaka chidutse. Tsopano ndimasoka matenti a mathiraki pakhomo pomwepo, ndipo mfundo zanga sizimasuka. Fumbi la nsapato za a pamwamba ndimalipuma ndithu. Silinandiphe.

Ena amandifunsa ngati ndinataya chiyembekezo choyenda. Ayi, sindinataye. Nkhani za madokotala aja ndimazitsatirabe, koma kamodzi pa sabata, osati ngati chakudya. Ntchito yawo ndi yabwino ndipo ndimawapempherera ndi mtima wonse. Mwina idzafika kuno ine ndili moyo. Mwina idzathandiza munthu amene adzagwe pa thiraki zaka za m'tsogolo. Masewera a mayi Mwanza ndimachita m'mawa uliwonse, khungu langa lilibe chilonda, mawondo akupindika. Akadzandiitana adzandipeza wokonzeka. Akapanda kundiitana, Yesu anandiitana kale.

Chala changa sichinagwedezeke mpaka lero. Sindibwera pano kudzakuuzani kuti ndinaimirira. Ndabwera kudzathokoza Mulungu chifukwa amake Tisa alowa m'tchalitchi muno ndi miyendo yawo. Ali apo, pa mzere wa azimayi, ndi yunifomu ija ndinkaiseka. Ambuye alemekezeke chifukwa anamva pemphero la chidakwa pa masitepe onyowa. Alemekezeke chifukwa cha bana Chanda, amene amakwera masitepe makumi atatu ndi anayi ndi mabelo a salaula, osadandaula.

Tsopano ndikufunseni inu. Chiyembekezo si tchimo. Koma taonani kuti pamene mukudikira, mwakwera pa msana pa yani. Mwina ndi akazi anu, mwina amayi anu, mwina mwana wanu. Mowa wanu, bodza lanu, kukana kwanu kupepesa, alipo amene akuzibereka, ndipo sakulankhula. Musadikire kuti mfundo imasuke.

Ngati Mzimu akulankhula nanu, bwerani kutsogolo kuno tipemphere limodzi. Pakhomo pa Yesu palibe masitepe. Ine ndinakana kutsika zaka ziwiri, ndipo ndinamupeza akundidikira pansi. Tsikani, abale. Malo alipo.

Amen.